Galu Amene Ananyamula Chisoso M'mphuno

Musiye mchira galuyo iwe, khalani pansi nonse mumve chimene akuyetsemulira. Nthawi ija zomera zikadalankhulana ndi nyama, galu sankadziwa kuyetsemula. M'mphuno mwake munali mosalala ngati m'chikho, fumbi linkangolowa n'kutuluka. Chisoso nachonso kumudzi kunalibe. Chinkamera malo amodzi okha, kutsidya kwa mtsinje, kuseri kwa phiri kumene anthu sankafika.

Ndiye panali mayi wina, Nachisale, wokwatiwa chitengwa kutali ndi abale ake. Pochoka kwawo anangotenga mphasa, kamphika ndi kagalu kamene anakatcha Tilekeni, poti kuchimuna kuja pakamwa pa anthu sipankapuma.

Chaka china dzuwa linawotcha zonse. Mwamuna wa Nachisale anapita kutali kukasuma, kumusiya mkazi ali m'chikuta ndi khanda. Mfutso unatha. Gaga analipo pang'ono, koma phala lamadzi lokhalokha silimanga thupi la mayi woyamwitsa, ndipo mkaka unayamba kuuma. Tilekeni ankagona pakhomo n'kumamvetsera. Anthu ankati mwana wayamba kufatsa, koma khutu la galu linkamva kuti kulirako kukuchepa mphamvu.

Ngakhale zinali choncho, Nachisale akapala nkhoko mumphika ankamugawirako galu wake. Tsiku lina mlamu wake Nazimbiri, mlongo wa mwamuna uja, anamupezerera.

"Alamu, anthufe tikugona ndi njala, inu mukudyetsa galu? Kwanu mumatero?"

"Ndachotsa pakamwa panga, alamu, osati panu," anayankha Nachisale.

Nazimbiri ananena kuti galu wosagwira ngakhale mbewa ndi pakamwa pachabe, ndipo akadzamupezanso akudya adzamuphwanya ndi munsi. Tilekeni anamva zonse. Sanaope munsiwo kwenikweni. Chinamupweteka n'chakuti mawuwo anali oona: iye ankadya chimene chikanasanduka mkaka wa mwana.

M'mawa mwake ananyamuka. Ananunkhiza m'mauna, m'mapanga, m'dambo louma, koma nyama zonse zinali zitathawa chilala. Anawoloka mtsinje madzi ali m'mawondo, anazungulira phiri, mpaka anatulukira pakasupe pamene panali pobiriwira. Analuma tsamba limodzi la chisoso. Linali lowawirira, koma m'mimba munakhala bata. Basi anayamba kubudula masamba kuti anyamule pakamwa.

"Iwe wamiyendo inayi," chinatero Chisoso, "masamba angawo ukafika nawo atafota, ndipo akakhutitsa ndani? Ngati kwanu kuli njala, tenga ana anga."

Chinamuonetsa timbewu take, takuda, titalititali ngati minga. Koma nanga atinyamulire pati? Pakamwa akanatimeza pothamanga. Paubweya madzi akanatikokolola, chifukwa mvula inali itayamba kugunda kuphiri ndipo mtsinje uja unali kudzaza. Tilekeni anaganiza, anaganiza, n'kukumbukira kuti galu akamasambira chimatsala pamwamba pa madzi ndi mphuno.

Chisoso chinamuchenjeza kuti ana ake ndi amantha, amagwira ndi timano tawo chilichonse chimene chawanyamula. "Akalowa m'mphunomo, simudzakhalanso mmene mulilimu, kwa iwe ndi kwa ana ako omwe. Ndipo ukawataya panjira, ena sindikupatsa."

Mphunotu ndiye khasu la galu, ndiye uta wake. Tilekeni anaima kanthawi. Kenaka anakumbukira kulira kuja, analowetsa mphuno m'chitsamba n'kukoka mpweya.

Ana inu, kuyabwa kwake! Timano tija tinagwira m'kati monse. Misozi inayamba kutsika, m'mutu munkachita ngati mwalowa nyerere, ndipo chinthu chimene sankachidziwa chinkakwera kuchokera pachifuwa kufuna kuphulika. Iye anachimeza. Anafika pamtsinje madzi ali ofiira, akunyamula zitsa. Anasambira mphuno ili m'mwamba, natuluka kutsidya akunjenjemera. Panjira analakalaka kukhuza mphuno paudzu, koma sanatero.

Analowa m'mudzi maso ali psuu, dovu lili chuchuchu, wosauwa, wosapenya kumbali. Nazimbiri atamuona anakuwa kuti galu wa mlendo uja wabwera ndi chiwewe, natola munsi. Tilekeni sakanatha kufotokoza, poti anthu anali atasiya kale kumva chinenero cha nyama. Anangothamangira kuseri kwa nyumba, kudzala kumene Nachisale ankataya phulusa ndi zinyalala, kumene nthaka inali yofewa. Pamenepo ndiye analekerera.

Etsi! Etsi! Kuyetsemula koyamba kwa galu padziko. Nkhuku zinabalalika, ndipo Nazimbiri yemwe anabwerera m'mbuyo asanakweze munsi uja.

Nachisale anatuluka mwana ali kumanja, nthawi yotuluka m'chikuta isanakwane, naima pakati pa mlamu wake ndi galu. Sanakangane. Anayang'ana galuyo, anayang'ana pansi, n'kutola kanthu kakuda kamene kanamukanirira pachala.

"Galu wachiwewe sagwedezera mwini wake mchira, alamu. Taonani izi. Ndi mbewu. Wachita kunyamula."

"Mbewu m'mphuno?"

"Nanga ali ndi dengu?"

Anapempha kuti adikire zimere. Zikapanda kumera, galuyo adzamuperekeza yekha kutchire. Nazimbiri anaika munsi pansi akung'ung'udza kuti chitengwa chinawabweretsera zodabwitsa. Nachisale anakhala pansi, anaika mutu wa Tilekeni pamwendo, nachotsa ndi zikhadabo timbewu totsalira, kamodzikamodzi. Anatikwirira ndi dothi laphulusa n'kutchinga ndi minga kuopa nkhuku.

Mvula inagwa. Nkhwani usanatambasule n'komwe, padzala paja panali patabiriwira. Nachisale sanathamangire kudya. Anaponyera mbuzi kaye, n'kuiyang'anira mpaka anaona kuti ikubzikula bwinobwino. Ndiye anathyola nsonga zanthete, anawiritsa, analawa, nakhetsa madzi oyambawo chifukwa cha kuwawa. Anadya. Anadyanso mawa lake. Akathyola, chinkaphukanso. Pasanapite nthawi Tilekeni ali pakhomo paja anamva mwana akumeza, kenaka akulira kulira kwamphamvu kosowetsa anthu mtendere. Anatsamiritsa mutu pamiyendo yake nagona.

Nazimbiri anabwera yekha ndi lichero, maso ali pansi, kudzapempha kuti athyoleko. Pobwerera anamasula kansalu, naika nkhoko patsogolo pa galu uja.

"Nazi, alamu anga amiyendo inayi," anatero.

Koma m'mphuno mwa Tilekeni simunasalalenso, monga Chisoso chinanenera. Akangodutsa m'tchire, timbewu tija timamuzindikira n'kumukakamira, paubweya, m'makutu, m'mphuno momwe, kufuna kuti atinyamulenso.

N'chifukwa chake mpaka lero chisoso sitidzala koma chimamera chokha kudzala ndi kuseri kwa nyumba, ndipo galu akachoka kutchire amafika n'kuyetsemula. Si matenda ayi, akutula katundu. Ndiye iwe amene umamukoka mchira uja, bwera naye kuno mwaulemu, umugwire mutu ndimuchotse timbewuti. Ndiwo zimene wanyambita nazo mbale masanawa anabweretsa ndi agogo ake.