Ng'ombe Yotopa ya Che Mtalika

Lachinayi lapitali, swala, pemphero la masana, itangotha kumene, pa madrasa a Shehe Likongwe ku Liwonde panaima galimoto yakuda yonyezimira, ndipo munatuluka Che Mpango, inde, omwe aja a malole ambirimbiri aja! Nkhope inali itachita tsinya. Anapeza Shehe ali pamkeka pakhonde, akusoka chikuto cha buku la mwana wina chimene chinang'ambika.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Waalaikumu salamu, Che Mpango. Mkeka uwu, khalani. Achikulire akupeza bwanji?"

Che Mpango sanakhale. Koma funso limenelo linawalasa, chifukwa achikulirewo ndiye anali nkhani yonse. Bambo awo, Che Sumaili, anali atatuluka m'chipatala sabata yatha, ndipo adokotala ananenetsa kuti azidya kuti mphamvu zibwerere. Koma iwo phala ayi, mpunga ayi, nsomba ayi. Ankapempha chinthu chimodzi chokha: siteki yofewa, mnofu wokhawokha, ngati imene ankadya ali mnyamata akugwira ntchito ku njanji. Mano m'kamwa anatsala owerengeka. Mwana wawoyo anathamangira ku Zomba, anathamangira ku Blantyre, m'mabutchala a matailosi oyera ndi mafiriji aakulu ngati nyumba. Koma nthawi iliyonse nkhalambayo inkatafuna, kutafuna, kenako n'kulavulira m'dzanja, n'kutembenukira kukhoma. Ndipo inkangowonda.

"Ndabwera ndi dandaulo, Shehe," anatero Che Mpango. "Dzulo wina anandilozera kwa Mtalika, uja amaswali mumzikiti mwanu muno. Kashedi ka malata kuseri kwa msika! Ndinapeza mbedza zilibe kanthu, koma pamthunzi pali ng'ombe yonona, iye akuimwetsa madzi m'beseni, akuisisita pakhosi ngati mwana wodwala. Ndinati, 'Ichinjeni lero lomwe, mnofu wonse wakumsana nditenga ine.' Mukudziwa chimene anandiyankha? Akuti, 'Pepani bwana, yafika m'mawa uno pa lole kuchokera ku Ngabu, miyendo ikunjenjemera. Mubwere Loweruka.' Ine Mpango, ndidikire ng'ombe ipume! Bambo anga akutha, iye akulera ng'ombe! Mumudzudzule ameneyo. Ndipo popeza inu mumaitanidwa kozinga nyama konsekonse, mundiuze wabutchala weniweni ali kuti."

Shehe anamaliza kusoka, anadula ulusi ndi mano, n'kuika bukulo pambali bwinobwino. Kenako anaitana akazi awo kukhitchini.

"Abiti Rajabu, kanyama kaja tinasungitsa m'firiji ya aneba kalipo? Tawootchereni alendo."

"Sindinabwerere chakudya, Shehe."

"Ndikudziwa. Koma mlendo wanga sachoka kukamwa kuli kouma. Mundikhululukire, n'kochepa."

Posakhalitsa fungo linadzaza khonde lonse. Abiti Rajabu anabwera ndi kambale ka tizidutswa tinayi, ndi madzi osamba m'manja. Che Mpango anatola kamodzi mongofuna kusunga ulemu, anati bisimila, n'kuponya m'kamwa.

Eee! Nsagwada zinaima. Nyama ija sinafune n'komwe mano, inangophwanyika pa lilime ngati papaya wakupsa, msuzi wake uli chuchuchu. Anatola kachiwiri, n'kukafinya ndi zala ziwiri, ndipo kanagawanika pakati mosavuta. Ndipotu munthu wamkulu uja, amene anakana mkeka, anapezeka wakhala pansi, osadziwa kuti wakhala nthawi yanji!

"Mayi, mwaikamo chiyani? Mwaikulunga m'masamba a papaya?"

Abiti Rajabu anaseka. "Mchere basi, bambo. Ndi moto wa makala."

"Nanga mwaigula kuti?"

"Kwa waulesi wanu uja, Che Mtalika," anatero Shehe mofatsa. "Ndi ya ng'ombe imene anachinja dzana. Nayonso inapuma masiku atatu. Pofika naini koloko tsiku lomwelo nyama inali itatha, n'chifukwa chake munapeza mbedza zopanda kanthu."



"Ine sindine katswiri wa nyama," anapitiriza Shehe, "ndimangonena zimene maso anga aona pa zaka makumi atatu. Ndaona ng'ombe ikutsitsidwa pa lole ndi zikwapu, ikupotoledwa mchira, ludzu lili pakhosi, n'kugwetsedwa pamene inzake yangofera, magazi ikuwaona. Dzina la Allah timalitchula ndithu, ndipo nyamayo ndi yololedwa kudya. Koma mantha aja ndi kutopa kuja sizituluka ndi magazi ayi. Zimatsalira mumnofu, ndipo ndi zimene achikulire akhala akulavula. Che Mtalika mpeni amanolera kuseri kwa khoma kuti chiweto chisauone. Amachimwetsa, amachitengera kutali ndi zinzake, amachilankhula mpaka chitafatsa. Sachita zimenezi pofuna kutchuka. Amati chiweto nacho chili ndi Mwini wake, ndipo adzafunsidwa za icho."

Ngakhale atsikana amene ankawerenga m'kalasi anali atasiya, akusuzumira pawindo. Che Mpango anayang'ana tizidutswa tiwiri totsala m'mbale muja, ndipo maso awo analengeza misozi.

"Ndinamunyoza, Shehe. Pamaso pa anthu a mumsika. Ndinati ndi mbusa wolephera, osati wabutchala." Mawu anatsika. "Nanga bambo afika bwanji Loweruka?"

Shehe anavundikira kambale kaja ndi mbale inzake, anamanga ndi kansalu koyera, n'kukapereka ndi manja awiri.

"Izi akadye lero, zisanazizire. Kwatsala kena kosaphika, Abiti akupatsani, n'ka mawa. Mukawauze kuti mnzawo Likongwe akuwapempherera."

"Koma imeneyi ndi ndiwo yanu ya masiku awiri!"

"Ife mano tili nawo. Nyemba sizitivuta."

Che Mpango analandira mbaleyo ngati akulandira khanda. Atafika pamasitepe anatembenuka, ndipo ulendo uno anafunsa ngati mwana wa madrasa.

"Shehe, ndayenda mtunda wonse uja pachabe. Kodi wabutchala wabwino munthu amamudziwa bwanji?"

Shehe anatolanso singano yawo.

"Inu munkalowera khomo lakutsogolo, Che Mpango, kumene kuli magalasi. Muzizungulira kuseri, mukaone mmene ng'ombe ikudikirira. Loweruka mulawirire kwa Che Mtalika, ndipo musanatchule za nyama muyambe mwapepesa. Munthu amene sanaope mkwiyo wanu pofuna kuchitira chifundo ng'ombe yoti ifa mkuja, ameneyo sangawapatse bambo anu nyama yoti alavule."