Mmene Dailesi Anakwerera Phiri la Chitundu

Ana inu, tsekani mabuku. Lero sindilemba kanthu pabolodi. Ndikufuna ndikuuzeni za mayi wina amene ndinamudziwa zaka zimene ndinkaphunzitsa kunsi kwa phiri la Chitundu, tsitsi langali lisanayere.

Dzina lake anali Dailesi. Anabadwira pamwamba pa phirilo, m'mudzi umene galimoto silifikako, ngakhale njinga imachita kunyamulidwa paphewa. Atakula anakwatiwa ndi a Bizaliele, amene ankayendetsa chigayo kuchigwa, ndipo iwo anamutenga kukakhala naye komweko. Kumtunda anasiyako bambo ake, a Gwirize, katswiri woluka malichero ndi madengu. Mayi ake anali atamwalira kale.

Chifuwa cha mphumu chinamuyamba ali mtsikana, koma atatsikira kuchigwa chinakula mphamvu. Tsiku lonse ankakhala pachigayo kuthandiza mwamuna wake kusesa ndi kukutumula matumba, mutu wonse uli mbuu ndi fumbi la ufa. Akachoka apo ankakaphika m'kakhitchini kopanda zenera, utsi uli tolotolo. Chikamugwira, m'chifuwa munkalira ngati mwabisala ana a mphaka, mapewa akukwera ndi kutsika, mawu akutuluka limodzilimodzi.

Chaka china anayesa kupita kwawo. Anafika pathanthwe lina la pakati pa njira, limene anthu a kumeneko amalitchula kuti Pampumulo, n'kugwa pomwepo milomo itada bii. Anachita kumutsitsa pamachira. Kuyambira tsiku limenelo sanakwerenso. Bambo ake nawo maondo anali atawakana, sakanatha kutsika. Choncho panadutsa zaka zisanu ndi chimodzi bambo ndi mwana akungotumizirana moni, phiri litaima pakati pawo.

Sikuti Dailesi anangokhala manja lende. Anatemedwa mphini pachifuwa ndi kumsana mpaka malo anatha. Anafukizidwa masamba a bulugama atafunditsidwa bulangete. Wina anamuuza za msuzi wa kamba, iye anamwa. Timapiritsi toyera totsegula chifuwa ankatimwa mpaka manja kunjenjemera. Zikathina ankapita kuchipatala chaching'ono cha m'deralo kukabayitsa jakisoni, n'kubwerera kukadikira tsiku lina loipa. Mumtima mwake ankafuna chinthu chimodzi: mankhwala oti amwe kamodzi, matenda n'kutheratu.

Ndiye pachipatalapo panabwera dokotala watsopano, mayi wamfupi wolankhula mosathamanga, dzina lake a Nyirongo. Atamumvetsera Dailesi m'chifuwa, anatsegula kabati n'kutulutsa timipope tiwiri topopera mkamwa, kena kabuluu, kena kofiirira.

Dailesi anabweza manja kumbuyo.

"Ayi adokotala, timeneto ine ayi. Anthu amati ukangoyamba kupopera ndiye kuti zako zada. Akuti mapapo amazolowera, ukasiya tsiku limodzi wapita. Ingondibayani jakisoni wamphamvu wochotseratu."

"Amene amanena zimenezo, mphumu anayamba adwalapo?" anafunsa a Nyirongo.

Kenaka dokotalayo anapitiriza.

"Mayi, sindikunamizani. Jakisoni wochotseratu kulibe. Koma mphumu imawetedwa. Njira zimene mpweya umadutsa m'chifuwa mwanu zatupa mkati, zakhala zopapatiza ngati phesi la udzu. Kabuluuka ndi kotsegula njirazo zikathina, koma kutupako sikachotsa. Kofiiriraka ndiye kophwetsa kutupa. Kameneka muzipopera m'mawa ndi madzulo, tsiku ndi tsiku, ngakhale mukumva bwino. Mukatha muzichukucha mkamwa."

Dailesi anatenga timipopeto chifukwa cha ulemu chabe. Kofiirira kaja anapopera masiku khumi. Ataona kuti palibe chimene chasintha, anakaponya m'dengu la nsanza.

Mwezi wa June utafika ndi chisanu chake, mphumu inamugwetsa pachigayo dzuwa lili paliwombo. A Bizaliele anazimitsa injini, n'kumugoneka m'ngolo, ng'ombe akuzithamangitsa ngati akuba. Pofika kuchipatala Dailesi sankathanso kutchula ngakhale dzina lake. Anamuveka chophimba mphuno ndi pakamwa chomupatsa mpweya wa m'makina, anamupumitsa mankhwala a nthunzi, anamupatsanso mapiritsi ophwetsa kutupa oti amwe masiku asanu. Anagona m'chipatala masiku atatu.

Tsiku lotuluka, a Nyirongo sanamukalipire. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kunena kuti, "Tandionetsani mmene munkapopera muja."

Dailesi anayasamula n'kupopera fwee, ngati wothira mafuta onunkhira. Mankhwala onse anathera palilime.

A Nyirongo anaseka pang'ono. Anatenga botolo lapulasitiki lotsuka bwino, loboola kunsi kwake, n'kulowetsa kampope pachibowocho.

"Khutchumulani kampopeka kaye. Ikani kukamwa kwa botololi pakamwa panu, milomo igwire. Poperani kamodzi kokha. Tsopano kokani mpweya pang'onopang'ono, kanayi kapena kasanu. Musathamange. Eya, choncho. Tsopano mankhwala afika kumene kuli matenda."

Kenaka anaitana a Bizaliele.

"Bambo, akazi anuwa asalowenso m'chigayo. Ndipo utsi wa m'khitchini uwachokere."

"Nanga ntchito pachigayo andithandiza ndani, adokotala?"

"Wosesa mumupeza. Koma amene munabwera nawo m'ngolo aja, ulendo wina mwina simudzabwerera nawo."

A Bizaliele anapeza wosesa wina pachigayo. Sabata yomweyo anagumula khoma limodzi la khitchini, n'kuwumba chitofu chadothi panja pansi pa kachisakasa.

Nthawi imeneyi Dailesi sanasiye. Sabata yoyamba sanamve kusintha. Yachiwirinso chimodzimodzi, ndipo mtima unayamba kumuuza zakale zija, koma anapirira. Pofika sabata yachisanu anazindikira kuti watunga madzi, wabwerera kunyumba, osaima panjira. Mwezi ndi mwezi ankapita kukaonana ndi a Nyirongo. Patatha miyezi itatu anali bwinoko, koma chifuwa chinkamuthinabe kawiri katatu pasabata. A Nyirongo anati zimenezo sizokwanira, ndipo anamulembera kalata yopita kuchipatala chachikulu cha mumzinda. Kumeneko anamupumitsa m'kachipangizo koyeza mphamvu ya mapapo, n'kumusinthira kampope kofiirira kaja ndi kena kokhala ndi mankhwala awiri pamodzi. Anamuuzanso kuti kwa anthu amene zonsezi zawakanika kuli majakisoni ena apadera obayitsa nthawi ndi nthawi, koma iye sanafike pamenepo.

Atabwerako anayamba kuyenda monga anamulangizira. Poyamba ankangofika pamjigo. Kenaka kutchalitchi. Kenaka kudimba la kutsidya kwa mtsinje. Anthu amene ankanena kuti zake zada aja anayamba kukumana naye m'njira atasenza mtolo wa ndiwo zamasamba.

Chaka chotsatira, mvula itangosiya, kunatsika mayi wina wa kumtunda ndi uthenga.

"A Gwirize maso akuchita khungu. Lamanzere linatseka kale, lamanja likungoona mbuu. Akuti, kamuuzeni Dailesi, ndikufuna ndione nkhope yake kuwala kusanandithere."

Dailesi anatembenukira kwa mwamuna wake. Kenaka anati, "Bambo a Lonjezo, ine ndipita."

"Make Lonjezo, mwaiwala za Pampumulo? Ine machira aja ndinanyamula nawo."

"Sindinaiwale. Tiyeni tikafunse adokotala. Akakana, ndikhala."

A Nyirongo anamuyeza mofatsa, anamufunsa kuti kabuluu kaja anapopera liti komaliza. Dailesi anati patha masabata asanu ndi awiri.

"Pitani," anatero dokotalayo. "Koma mverani. Musanyamuke kuli chisanu, dikirani dzuwa lifunde. Musanayambe chitunda poperani kabuluu kawiri. Musapikisane ndi munthu. Chikathina khalani tsonga, poperani, dikirani. Chikakana kumasuka, kapena mukalephera kulankhula mawu otsatizana, ulendo wathera pomwepo, mubwere kuno msangamsanga. Bambo, mwamva?"

"Ndamva," anatero a Bizaliele.

Ananyamuka Loweruka mame atauma. A Bizaliele ananyamula madzi ndi kathumba ka timipope ndi botolo lija. Dailesi anadziikira lamulo: mapazi makumi awiri, kuima, kupuma, mapazi makumi awiri, kuima, kupuma. Njira ya Chitundu ndi yamiyala, ndipo pena munthu amachita kugwira mizu ya mitengo. Anthu ochokera kumsika ankawapitirira. Amayi ena atatu osenza matumba a mchere anawadutsa, ndipo mmodzi anacheuka n'kuseka.

"Koma abale, kayendedwe kameneka! Kudumpha pang'ono, kukhala. Kudumpha pang'ono, kukhala. Ngati tsokonombwe! Mukafika mawa, mayi."

Anzakewo anafa nalo phwete. Dailesi sanayankhe, mpweya wake anali kuusungira phiri.

Dzuwa litafika pamutu anaona thanthwe la Pampumulo. M'chifuwa munamveka kamluzu kaja kamene ankakadziwa bwino. Anakhala pathanthwepo, msana uli chilili.

"Make Lonjezo, tiyeni tibwerere," anatero a Bizaliele. "Mwayesetsa. Palibe angakunyozeni."

Dailesi anangotambasula dzanja. Iwo anamupatsa botolo ndi kabuluu. Anapopera kamodzi, n'kukoka mpweya pang'onopang'ono. Anapoperanso. Kenaka anadikira, maso ali kuchigwa kumene denga la chigayo linkanyezimira ngati kandalama kotayika muudzu. Mphepo inkawomba. A Bizaliele anagwada pambali pake, khutu lili tcheru.

Kamluzu kaja kanayamba kuchepa. Kanachepa, kanachepa, mpaka zii.

Dailesi anakoka mpweya wodzaza chifuwa chonse, n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Bambo a Lonjezo, tamverani: ine Dailesi mwana wa a Gwirize, lero ndikagona m'nyumba ya bambo anga pamwamba pa phiri ili. Mawu amenewa ndadula pati?"

"Simunadule," anatero a Bizaliele, akupukuta m'maso ndi chipewa.

Anapumulabe kanthawi, kenaka anaimirira. Mapazi makumi awiri, kuima. Mapazi makumi awiri, kuima. Thanthwe lija linatsalira m'munsi.

Amayi a mchere aja anali atafalitsa kale nkhani kumudzi kuti kukubwera tsokonombwe wovala chitenje. Koma wina atati, "Kodi si Dailesi ameneyo?" mudzi wonse unakhamukira kumene njira imatulukira. Dzuwa litapendeka anamuona akutulukira pakati pa miyala, thukuta lili kamukamu, akuyenda ndi miyendo yake. Nthungululu inasweka. Amayi anayala zitenje pansi. Mayi woseka uja ndiye anali patsogolo kuvina, manyazi atamugwira, misozi ili m'masaya.

A Gwirize anali pakhonde, lichero losamaliza lili pamiyendo. Dailesi anagwada patsogolo pawo.

"Bambo, ndabwera."

Mkuluyo anamugwira nkhope ndi manja onse awiri, n'kuitembenuzira kudzuwa, n'kuiyandikiza kudiso lamanja lija. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiwedi," anatero. "Wayamba imvi, mwana wanga. Ndipo wafanana ndi mayi ako." Anaseka, akulira. "Anakunyamula ndani?"

"Palibe, bambo. Ndayenda ndekha."

Mayi woseka uja anagwada chapatali n'kunena kuti, "Agogo, ine ndinalakwa. Ndinawaseka panjira kuti akuyenda ngati tsokonombwe."

A Gwirize anatembenukira kumene kunkachokera mawuwo.

"Sunalakwe, mwana iwe, unaona bwino. Koma ukakanena nkhaniyi uzikamaliza. Uzikati: tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha."

Anthu anawomba m'manja, ndipo mawuwo anatsika phiri tsiku lomwelo. Ena adzakuuzani kuti mwambiwu unachokera kwina, sindikangana nawo. Ine ndikunena mmene a ku Chitundu amafotokozera.

Tsono tamverani tanthauzo lake. Tsokonombwe ndi chiwala chonenepa chopanda mapiko oulukira. Anzake akauluka, iye amangodumpha kamtunda kochepa, n'kutera, n'kudumphanso. Ukamuyang'ana umati safika kulikonse. Koma pita ukabwere, upeza wawoloka munda wonse. Mwambiwu umanena kuti zinthu zazikulu zambiri sizitheka ndi mphamvu ya tsiku limodzi. Zimatheka ndi kanthu kakang'ono kochita lero, mawa ndi mkuja, osalekeza ngakhale pamene maso sakuona kusintha. Dailesi anataya zaka akufunafuna mapiko, mankhwala a kamodzi n'kamodzi. Chimene chinamukweza phiri ndi kupopera kwa m'mawa ndi madzulo kumene poyamba anakunyoza.

Mphumu sinamuthere, ayi. Anakalamba nayo, akupopera tsiku ndi tsiku. Koma phiri la Chitundu analikweranso kasanu ndi kawiri bambo ake ali moyo, ndipo pamene diso lachiwiri lija linatseka, mkuluyo ankamuzindikira ndi mapazi akamafika pabwalo.

Choncho wina akadzakusekani kuti mukuchedwa, musataye mpweya wanu kumuyankha. Dumphaninso.