Wokonza Mawotchi ndi Mabelu Atatu

Pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja panali kashopu kopanikiza, koti munthu akatambasula manja amakhudza makoma onse awiri. M'menemo munkagwira ntchito mnyamata wokonza mawotchi amene msewu wonse unkamutchula kuti Mphindi. Pakhoma panapachikidwa mawotchi oposa makumi awiri, iliyonse ikunena nthawi yakeyake, ndipo patebulo panali timbale todzaza tizitsulo tating'ono ngati mchenga.

Mphindi ankadziwika ndi chinthu chimodzi: sankafunsa kasitomala kuti wotchi yatani. Ankangoiika pakhutu, n'kutsinzina, kenako n'kunena yekha. "Munaigwetsera m'madzi, ndiye munaiyanika padzuwa." Mwini wotchi ankangoti kukamwa yasa. Khutu limenelo ndi limene linkamudyetsa, ndipo ndi lomwelo linamukuza mtima.

Mlongo wake wamkulu, amene ankasoka zovala pakhonde la nyumba yomweyo, ndiye anayamba kuona kuti china chake chasintha. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, Mphindi ankavula magalasi, kuwatsekera m'dirowa, kupesa tsitsi, n'kuwoloka msewu kulowera kunyumba ya juga, ija amati kasino, imene inali itatsegulidwa kumene tsidya linalo.

"Achimwene, maso mukuwasiyiranji kuno?" anafunsa tsiku lina ali ndi singano pakamwa.

"Akundipweteka pamphuno."

"Zaka zisanu ndi ziwiri sanakupwetekeni, ayamba lero? Ndi mwana wa ndani?"

"Palibe munthu, achemwali. Ndikufufuza makina."

"Makinawo amafuna munthu wopesa?"

Koma zinsinsi Mphindi anali nazo ziwiri. Choyamba chinali mtsikana amene ntchito yake inali kuthandiza osewera m'kasinomo. Ankavala yunifolomu yofiirira, ndipo ankayenda pakapeti mapazi osamveka. Dzina lake linalembedwa pakabaji ka pachifuwa, koma popanda magalasi Mphindi ankangoona timizere. Mumtima ankamutchula kuti Kamphepo, chifukwa sankamuona akubwera, ankangomva kuti wadutsa.

Chinsinsi chachiwiri chinali makina a pakona, pafupi ndi nsanamira. M'kasinomo munalibe zenera loonera kunja, munalibenso wotchi ngakhale imodzi, ndipo zimenezo zokha zinali zokwanira kuti wokonza mawotchi akhale tcheru. Makinawo anali ndi galasi lalikulu pamene zithunzi za zipatso, nyenyezi ndi mabelu zinkazungulira munthu akadina batani. Pamwamba pake pankawala manambala ofiira a jakipoti, mphoto yaikulu imene inkakula tsiku ndi tsiku. Aliyense ankadziwa kuti mabelu atatu akafola pamzere umodzi, basi zatheka. Mabatani analipo atatu: la ndalama yochepa, la yapakati ndi la yambiri. Mphindi ankadina laling'onolo nthawi zonse, kuti kandalama kake kamufikitse kumapeto kwa ola.

Tsiku loyamba lenilenilo mtsikanayo anaima pambali pake, manja kumbuyo.

"Takulandirani, bambo. Ndikufotokozereni mmene makinawa amalipirira?"

Pakamwa pa Mphindi panatsogola. "Mayi, ine ndimatsegula mawotchi a tizitsulo topyapyala kuposa nsidze. Bokosi ili lingandivute?"

"Sizitenga nthawi."

"Musavutike."

Patapita sabata mtsikanayo anamufunsanso, ndipo patapita mwezi anamufunsa kachitatu. Yankho linali lomwelo. Lamulo la pantchito pake linkamulola kufotokoza ngati munthu wavomera, koma linkamuletsa kuuza wosewera batani loti adine, kuopa kuti angamanene kuti nyumbayo ikukankhira anthu kudzenje. Choncho ankangoima pang'ono, kuyang'ana chala cha Mphindi chili pabatani laling'ono, kuluma mlomo, n'kudutsa.

Kodi Mphindi akanamvera bwanji munthu, pamene makinawo anali atayamba kulankhula naye? M'kati mwake, kuseri kwa nyimbo ndi phokoso lonse, munkamveka kaphokoso kena kakang'ono: tche, tche, tche. Nthawi zina kankathamanga, nthawi zina kankadumpha kamodzi ngati mtima wa munthu wodzidzimuka. Osewera ena sankakamva. Mphindi ankatsamira, khutu pafupi ndi chitsulo, n'kumwetulira yekha. Anatsimikiza kuti m'menemo muli kagudumu kobisika kowerenga nthawi yolipira, ndipo kakadumpha ndiye kuti chitseko cha chuma chatseguka pang'ono. Anayamba kudina pokhapokha kaphokosoko kakadumpha. Akawina pang'ono ankati khutu lagwira ntchito. Akaluza ankati chala chachedwa.

Analumbiranso mumtima kuti tsiku limene mabelu adzafole ndi limene adzalankhule ndi Kamphepo, osati lisanafike. Ankaliona tsikulo akamapukuta mawotchi: nyale zikuthwanima, anthu akuombera m'manja, iye akutembenuka pang'onopang'ono n'kunena mawu amene anali atawasankha kale limodzilimodzi.

Mlongo wake, amene tsopano anali atanunkhiza nkhani yonse, anamukoka malaya madzulo ena akutseka shopu.

"Mtsikanayo alibe mwini? Mwafufuza?"

"Zinthu zina sitifunsa, achemwali. Timamva."

"Munthu si wotchi, achimwene. Mudzaika khutu pachifuwa cha mkazi wa eni."

Miyezi itatu inatha choncho. Kenako Lachinayi lina masana, kunja kukuwaza mvula, kaphokoso kaja kanadumpha ndipo Mphindi anadina. Belu loyamba linaima. Lachiwiri linaima pambali pake. Lachitatu linatsika mozengereza, ngati likuganiza kaye, linanjenjemera, n'kukhazikika pamzere. Makina anaimba nyimbo imene Mphindi anali asanaimvepo. Anthu anasiya mipando yawo n'kumuzungulira. Bambo wina wachipewa anamugwira paphewa n'kunena kuti, "Mkulu, musatiiwale ife osauka."

Makinawo analavula kapepala. Mphindi anakatenga ndi manja awiri kupita nako pazenera lolipirira, miyendo ikuyenda yokha. Mayi wa pazenerapo anakalowetsa m'kompyuta, n'kumukankhira ndalama zokwanira kugula nsapato zabwino ndithu, koma nsapato basi.

"Zinazo mukupereka kuti?"

"Zonse ndi zimenezo, bambo."

Mphindi anatembenuka. Manambala ofiira aja anali akuwalabe pamwamba pa makina, osasunthika.

Anaitana manijala, bambo wamfupi wa mawu ofewa ngati namwino. Iyeyo anapita naye pakona paja n'kuloza m'munsi mwa galasi.

"Zalembedwa apa, bambo. Mabelu atatu amapereka jakipoti kwa amene wadina batani lalikulu. Laling'onoli lili ndi mphoto yake, ndipo mwailandira."

Mphindi anawerama. Ankangoona timizere takuda ngati nyerere zili pamzere. Anaweramuka nkhope itatentha.

"Mukundibera. Makinawa ndikuwadziwa m'kati mwake. Muli kagudumu kamene mumakasintha munthu akawina. Ndakhala ndikukamva miyezi itatu. Tsegulani tione."

Anthu anang'ung'udza movomereza, pakuti ndani wa iwo anali asanalakelake kuona mimba ya chilombo chimene chinkameza malipiro awo? Manijala anayang'ana khamulo, n'kutuma kuti aitane wokonza makina. Munthuyo anabwera akutafuna, makiyi ali m'manja. Anadula kachingwe kotsimikiza kuti makinawo sanatsegulidwe, anthu onse akuona, n'kukoka chitseko. Makosi onse anatalika.

M'katimo munalibe gudumu. Munali kabolodi kobiriwira, mawaya, fumbi, ndi kafani kakang'ono koziziritsa makina. Pafupi ndi kafaniko panali kapepala komata kamene kanamatuka ngodya imodzi, ndipo ngodyayo inkagunda timapiko ta kafaniko: tche, tche, tche.

"Kodi ndi aka?" anatero wokonza makinayo. Anakatsina ndi zala ziwiri, n'kukamatula. Kaphokoso kaja kanafera pomwepo. "Zikomo, bambo, khutu lanu ndi labwino. Ine ndimangoti ndi mbewa."

Anaonetsanso manijala zimene makinawo anasunga: batani laling'ono, tsiku lililonse, miyezi itatu. Bambo wachipewa uja anayamba kuseka, ena n'kulandirira. Manyazi akachuluka amasanduka ukali, ndipo ukali sufunsa njira.

"Nanga palibe anandiuza bwanji?" anakuwa Mphindi. "Miyezi yonseyi, palibe ndi mmodzi yemwe anandifotokozera."

Nkhope ya manijala inasintha. Anamulowetsa mu ofesi yake, kachipinda kodzaza ndi magalasi oonetsa zimene makamera akujambula, n'kuitanitsa mtsikana uja. Anabweza zithunzi mpaka tsiku loyamba. Ndi uyo mtsikanayo ataima pambali pa Mphindi, manja kumbuyo, milomo ikugwedezeka. Ndi uyonso sabata yotsatira. Koma makamerawo anali ndi maso okha, analibe makutu.

"Bwana, ndinawafunsa katatu," anatero mtsikanayo motsitsa mawu. "Anakana."

"Mwina munkawafunsa ngati akufuna madzi. Ine ndidziwa bwanji?" Manijala anatulutsa pepala ndi cholembera, n'kuziika patsogolo pa Mphindi. "Bambo, lamulo la nyumba ino ndi lakuti mlendo aliyense afunsidwe ngati akufuna kufotokozeredwa. Ngati inu simunafunsidwe, sainani apa. Dandaulo lipita kwa akuluakulu. Jakipoti sangakupatseni, koma amapepesa ndi kanthu kooneka. Ndipo uyu asiya yunifolomu lero lomwe."

Mphindi anatenga cholembera. Kunja kwa chitseko ankamvabe kuseka kwa anthu. Akangosaina, akanatuluka ngati munthu wolakwiridwa, osati ngati chitsiru chimene chinakhala miyezi itatu chikumvetsera kapepala. Anakweza maso. Mtsikanayo sankalira, sankapemphanso. Ankangomuyang'anitsitsa mmene anthu aja anasuzumira m'makina, kufuna kuona kuti m'kati mwa munthuyu muli chiyani.

Cholembera chinamulemera. Anachiika pansi.

"Anandifunsa katatu," anatero. "Ndinakana ndine. Ndipo zolembedwa zija sindingaziwerenge. Magalasi anga ndimawasiya kushopu."

"Mumawasiyiranji?" anafunsa manijala, ndipo ankafunadi kudziwa.

Maso a Mphindi anathawira kwa mtsikana uja. Mtsikanayo anayang'ana pansi. Manijala anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, kenako anapinda pepala lija mwakachetechete n'kuliponya m'dengu.

Mawa lake nthawi ya nkhomaliro Mphindi sanawoloke msewu. Anakhala pampando wake akutsegula wotchi imene inalibe vuto lililonse. Makina osokera a mlongo wake anasiya kulira mwadzidzidzi, ndipo Mphindi atadzutsa mutu anapeza mtsikanayo ataima pakhomo la kashopuko, ambulera ili m'manja.

"Ndabwera kudzathokoza," anatero. "Ndili ndi ang'ono anga awiri kusukulu. Mukanasaina, sindikudziwa kuti ndikanawauza chiyani."

"Musathokoze munthu amene anayatsa moto yekha n'kuuzimitsa."

"Ambiri sauzimitsa."

Mtsikanayo anasinthira ambulera kudzanja lina, mawotchi apakhoma akukangana za nthawi. Apo ndi pamene Mphindi anaona mphete pachala cha mtsikanayo, yatsopano, yowala. Mawu onse amene anawasankha miyezi itatu anabalalika ngati mbalame zoponyedwa mwala. Linatsala funso limodzi lokha, losakongola.

"Mpheteyo ndi ya liti?"

"Yatha masabata awiri." Anaizunguza ndi chala chachikulu. "Ndi woyendetsa basi imene ndimakwera m'mawa. Anandifunsa dzina tsiku loyamba. Lachiwiri anandifunsa ngati ndili ndi munthu."

"Munati chiyani?"

"Ndinati andipatse nthawi." Anamwetulira pang'ono, koma maso sanamwetulire nawo. "Mbali ya kunsanamira ija si yanga, mukudziwa? Ndinachita kusinthana ndi mnzanga, ine n'kutenga Lamlungu lake. Tsiku lililonse ndinkadutsa kumbuyo kwanu n'kumati mwina lero atembenuka. Koma inu khutu lili pabokosi. Miyezi iwiri ndi theka ndinamudikiritsa munthu uja. Kenako ndinaona kuti ndikumulakwira."

Mphindi anaika wotchi ija patebulo.

"Ukwati ndi mwezi wa mawa," anatero mtsikanayo akutambasula ambulera. "Mudzabwere ndi achemwali anuwa."

Anatuluka n'kuwoloka msewu, akulambalala zithaphwi. Mlongo wa Mphindi anamuperekeza ndi maso mpaka analowa m'kasinomo. Kenako anabwera n'kuima pakhomo la kashopuko. Mawu onyoza anali nawo okwanira chaka chathunthu, koma ataona nkhope ya mchimwene wake anawameza onse. Anangomuikira dzanja pamutu, monga ankachitira ali ana.

Mphindi anali ndi khutu labwino kuposa aliyense mumsewumo, ndipo palibe amene anamubera, makinawo kapena woyendetsa basi. Uchi unali pafupi, munthu woudziwa ataima pambali pake manja kumbuyo, akungodikira kuti afunsidwe. Iye analuma chimene chinkaoneka chachikasu, n'kutafuna miyezi itatu akudikira kuti chitsekemere. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.