Thumba Limene Ndinapatsa Nangondo

Kalekale, m'dziko lina munkalamulira asilikali. Sendezani chikunicho, ana inu, mumve bwino, chifukwa msilikali wa m'nthanoyi ndi ine gogo wanu.

Chaka china kunagwa namondwe. Mtsinje unasefukira. Unatenga nkhokwe, unatenga mbuzi, unatenga ndi mphasa zomwe. Anthu a m'mudzi wina anathawira kumtunda chimanjamanja.

Maiko akunja atamva anatumiza malole a chimanga. Malolewo anafika pamlatho pamene ine ndinkalondera ndi mfuti. Koma Mkulu wa Asilikali anati, "Ayi! Anthu anga adye za m'matumba a alendo? Dziko lizinena kuti ndalephera? Chimangacho chithiridwe kaye m'matumba okhala ndi nkhope yanga!"

Matumba a nkhope yakewo anali asanasokedwe n'komwe. Tinatsitsira chimanga pabwalo, malole n'kubwerera. Mvula osaleka.

Kunabwera mayi wina, Nangondo, lichero m'manja, mwana kumbuyo.

"Mwanangu, kambale kamodzi kokha. Sungeni wanga sanalawe kanthu masiku atatu."

"Dikirani matumba, mayi."

"Nanga awa si matumba?"

"Awa ndi a alendo."

"Kodi mwanayu akadya thumba kapena chimanga?"

Ndinawalozera njira ndi mfuti. Anapita.

M'mawa mwake anabweranso, lichero m'manja, mwana kumbuyo. "Dikirani matumba, mayi." Anapita. Tsiku linalo anabweranso. Mwana uja anali atasiya kulira.

Ndinapita kwa Sajeni. "Bwana, chimanga chayamba kumera m'matumba."

"Chimere! Ukang'amba limodzi, ndikung'amba iweyo."

Ine, munthu wamanja awiri, ndinangoti, "Inde bwana." Ha!

Tsiku lachinayi Nangondo anabwera wopanda lichero. Kumbuyo kunalibe mwana.

"Lero sindinadzere chimanga," anatero. "Mphasa zinapita ndi madzi. Nsalu ndi yokhayi ili m'chiunomu. Ndikamuike bwanji mwana m'dothi ali maliseche? Ndipatse thumba."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Sajeni kunalibe. Ndinasolola mpeni, thumba limodzi tseche! Chimanga chinakhuthukira pansi, chakuda bii, chonunkha, china chitatulutsa mizu. Mayi aja anakutumula thumbalo, nalipinda bwinobwino ngati nsalu ya kusitolo. Kenaka anayang'ana zilembo za alendo zija, n'kundiyang'ana ine.

"Lero laloledwa?"

Mpeni womwewo ndinali nawo dzulo. Ndinali nawo dzana.

Patapita milungu iwiri matumba a nkhope anafika, okongola, nkhopeyo ikumwetulira. Tinawolera zowola zija n'kuthiramo. Malipenga analira, ojambula anajambula, anthu anauzidwa kuti aombe m'manja. Anaomba. Ngakhale nkhuku zinachikana chimangacho.

Nthano yathera pamenepa, ana inu, ngakhale mumtima mwangamu siinathe. Gwirani mawu awa: wanjala sawerenga zolembedwa pathumba.