Mwala Womwe Unayambanitsa Gulo ndi Khwangwala

Gulo ankakhala pachulu, ndipo Khwangwala anamanga chisa chake mumtengo wa mthethe womwe unamera pambali pa chulucho. Gulo anali wamakani: ankagwedeza mutu ngati akuvomera, koma mumtima analibe chomwe ankavomera. Khwangwala anali waphuma, wochita zinthu asanaganize. Chinawayambanitsa ndi kamwala kochepa ngati nzama.

M'mawa wina, mvula itakokolola mbali ya chulu, Gulo anaona chinthu chikunyezimira m'matope. Atachipukuta ndi mchira, anapeza kuti ndi mwala wa buluu, woonekera mkati ngati madzi a pakasupe. Mtima wake unadumpha. Anali atamvapo kuti mwala wotere ndi kachibenthu ka thambo, ndipo pomwe uli, mvula imagwa pa nthawi yake.

"Mayi Khwangwala, tasuzumirani kuno!" anafuula Gulo. "Mwayi watipeza. Mwala wa buluu uwu!"

Khwangwala anayang'ana ali panthambi. "Buluu wake uti, a Gulo? Ine ndikuona mtundu wa duwa la mbatata. Miyala yotero imaitana mphenzi, ndipo ine ndili ndi mazira m'chisa muno. Kautayeni kumtsinje!"

"Maso anu ali ndi manthongo," anatero Gulo, uku akugwedeza mutu.

Anakangana mpaka dzuwa linafika paliwombo. Mitambo itayamba kuda kum'mawa, Khwangwala analephera kupirira. Anatsika mwaliwiro, n'kujompha mwala uja kuti akautaye yekha.

Mwala utatembenuka pamlomo wa Khwangwala, Gulo anadzidzimuka. Buluu uja anali atasowa, ndipo mwala unkaoneka ndendende ngati duwa la mbatata. "Mayo ine!" anakuwa Gulo. "Munanena zoona, mayi. Thamangani nawo kumtsinje!"

Kukuwako kunamudabwitsa Khwangwala, mwala n'kumupulumuka. Unagwera pathanthwe, kuti the! Ataupenya uli pansi, Khwangwala anaona buluu wokongola kuposa thambo la m'chilimwe. "Iyayi, a Gulo, wolondola munali inu. Tiusunge!"

"Tiutaye!"

"Tiusunge, ndati!"

Nkhono, yemwe ankadya ndere pathanthwe pomwepo, anatulutsa nyanga zake. "Pepani akuluakulu, mukulimbirana chiyani? Poyamba paja wina amati tisunge, wina amati titaye. Tsopano mwangosinthana mawu."

Atamufotokozera, Nkhono anayamba kuzungulira mwalawo mwa kayendedwe kake kaja, pang'onopang'ono. Khwangwala anayasamula mpaka kutopa, Gulo mpaka anawodzera. Pomaliza Nkhono anafika pomwe anayambira.

"Uku ndi wa buluu, uko ndi wa duwa la mbatata," anatero. "Mwala ndi umodzi womwewu, umangosintha malinga ndi komwe waima. Koma taonani, pogwa paja wabenthuka pakona."

Gulo anazungulira naye mwalawo, ndipo anaona kuti zinalidi choncho. Manyazi anamugwira poona chibenthu chija. Anayang'ana Khwangwala, Khwangwala n'kuyang'ana Gulo, onse n'kuphulika chiphwete. "Nanga za mphenzi zija?" anafunsa Khwangwala akupukuta misozi.

"Ndinazungulira mbali zonse," anayankha Nkhono. "Mphenzi sindinakumane nayo."

Kuyambira tsiku limenelo, awiriwo anagawana ntchito yosamala mwala wawo. Gulo ankautsuka ndi mame a m'mawa, chifukwa mchenga ukanaukanda. Khwangwala anabweretsa thonje lofewa loukulungira, n'kuusunga m'mphako ya mthethe, kutali ndi moto wolusa komanso miyala ina yomwe ikanaugunda. Sanaunyamulenso pamlomo ali pamwamba pa thanthwe.

Mbiri inamveka m'tchire monse, nyama n'kumabwera kudzaona. Gulo ankaimika alendo ena kum'mawa, ena kumadzulo, n'kuwafunsa mtundu wa mwala. Akangoyamba kukangana, ankawauza kuti asinthane malo, ndipo pachulupo pankangomveka kuseka. Chibenthu chija chokha ndicho sichinabwererepo.

Phunziro: Mnzako akaona zosiyana ndi iwe, usathamangire kunena kuti maso ake ndi odwala. Yamba wakaima pomwe iye waima, chifukwa chinthu chamtengo wapatali chimawonongeka eni ake akamakangana.