Madalaivala Atatu, Mzere Umodzi

Kalekale, osati kale la makolo ayi, kale la mvula yapitayi, kunali mayi wina dzina lake Nachisale, wa m'mudzi wa kuseri kwa dambo, kupitirira pa Nathenje. Ndinene msanga ndisanaphulike: mayi ameneyo ndi amayi anga ine Sungeni, ndipo anzanganu, kwathu kwabwera galimoto! Yoyera mbee, hutala yake yolira ngati kamwana ka mbuzi! Koma dikirani, musayambe kuwomba m'manja, chifukwa galimotoyo yabwera ndi mlandu, ndipo mlanduwo muweruza ndinu.

Amayi anali telala. Ankasoka mayunifolomu pakhonde la sitolo ina pa Nathenje, ndipo ena mwa inu mwavalapo msoko wawo osadziwa. Zaka zitatu zapitazo anadwala msana, miyendo n'kuleka kugwira ntchito. Manja ali bwinobwino, mutu uli bwinobwino, pakamwa ndiye musanene. Kuchipatala anawapatsa chikuku, njinga ija yokhalapo, koma chikuku chingadutse pa dambo lathu? Matayala amangomira m'matope. Choncho amayi anakhala pakhomo, makina awo atafunditsidwa chitenje.

Ndiye kunabwera bungwe lina lobwereketsa magalimoto kwa anthu aulumali. Si mphatso ayi. Umabwereka zaka zitatu, iwo n'kumadula pang'ono pa chithandizo cha ndalama chimene umalandira mwezi ndi mwezi, ndipo ikawonongeka amakonza okha. Koma kuti akupatse pamafunika zinthu zitatu: kalata ya dokotala, msewu wofika pakhomo ndi pogona galimotoyo, ndiponso alendo a bungwelo abwere adzaone ndi maso awo kuti ukuifunadi.

Woyamba kuthandiza anali amalume a Laitoni, mlongo wawo wa amayi, dalaivala wa minibasi yoyenda pakati pa Lilongwe ndi Dedza. Nkhaniyi anaitola m'minibasi momwemo, kwa mayi wina amene ankauza mnzake pampando wakumbuyo. Anaimika minibasi pakati pa ulendo, anthu akukuwa, mpaka mayiyo atawafotokozera kumene kuli ofesi. Atapeza fomu anauzidwa kuti kalata ya dokotala ifike pasanathe masiku awiri. Mvula inali itagwa sabata yathunthu, dambo litasanduka mtsinje. Amalume anavula nsapato, napinda thalauza, nagwada pakhomo.

"Mlongo wanga, kwera kumsana."

"Achimwene, mundigwetsa! Ine si thumba la feteleza."

"Thumba la feteleza sililongolola chonchi. Kwera!"

Anawabereka mpaka kumsewu wa tala, madzi ali m'chiuno, ndipo kalata inapezeka. Abwana a minibasi anawaimitsa amalume ntchito mwezi wathunthu chifukwa chojomba. Amalume anangoti, "Minibasi ndi ya eni. Mbumba ndi yanga."

Wachiwiri anali abambo anga, a Dafuleni. Iwo ndi mkamwini. Kwawo ndi ku Dowa, kuno anabwera kudzakwatira, ndipo malo amene akuchikazi anawapatsa ndi munda umodzi wokha wa fodya ndi chigafa chake, chisakasa chija choyanikamo fodya. Atamva za msewu anazungulira dambo lonse kufunafuna pouma. Pouma panali pamodzi pokha: pakatikati pa munda wawo, fodya atafika m'mawondo. Anaima pamenepo nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Kenako anawerama n'kuyamba kuzula.

Odutsa ankati, "A Dafuleni, mutu ukuyenda bwino? Fodya wokongola chonchi!"

Iwo, poti sayankhula zambiri, ankangoti, "Fodya amadzalidwa chaka chilichonse."

Milungu isanu yathunthu: khasu, wilibala, miyala ya kuphiri, m'manja matuza okhaokha. Chigafa anachisesa, nachiikira chitseko cha malata, n'kukhala nyumba ya galimoto imene inali isanabwere n'komwe.

Wachitatu anali a Elube. Iwo si m'bale wathu ayi, ndi chinjira wa amayi, mnzawo wapamtima uja wochita kusankhana akuluakulu akuona, amene amaloledwa kukuuza chilichonse, ngakhale chowawa. Ntchito yawo ndi kuyendetsa kagalimoto kotolera mkaka ka kopaletivu.

Tsiku la alendo litafika, tamverani zimene tinachita! Tinasesa, tinazira, tinapha tambala. Amayi tinawakhazika pamkeka atavala chitenje chatsopano, miyendo itabisika bwinobwino. Chikuku tinachibisa kuchipinda, poti chinali matope okhaokha, chingatichititse manyazi. Alendo anafika awiri pa galimoto yawo, bambo wina ndi mayi wonyamula fayilo.

"Mayi, tiuzeni, mumavutika bwanji pa kayendedwe?" anafunsa mayi wa fayiloyo.

Amayi anaweramitsa mutu mwaulemu. "Ayi, tili bwino ndithu. Sitidandaula."

Amalume analumphira pomwepo. "Mlongo wanga uyu sangasowe kanthu ine ndili moyo! Akafuna kupita kulikonse, msana uwu ulipo."

Abambo nawo, poopa kuoneka mkamwini wolephera pamaso pa alamu awo, anati, "Zoona. Timawasamala. Palibe vuto."

Inu mukudziwa mmene tilili: mlendo sumuyalira mavuto ako, ndipo mwamuna sanganene pagulu kuti wake akuvutika. Mayi uja analemba, natseka fayilo. "Tathokoza kwambiri. Ndiye poti kuno zonse zili bwino, galimotoyi tikaipereka kwa ena amene akuvutika." Anadya tambala wathu, nasamba m'manja, natsanzika. Ife kukamwa kuli yasa!

Galimoto ya alendo ikutembenuka, a Elube anatulukira ndi kagalimoto ka mkaka. Ataona nkhope zathu sanafunse kawiri. Anakapingasa pa msewu wa abambo uja, n'kuzimitsa, n'kutsika.

"Pepani alendo, msewu watsekedwa. Utsegulidwa mukamva zoona." Kenako anatembenukira kwa amayi. "Iwe Nachisale, bodza unayamba liti? Achimwene, alamu, takhalani chete, mwayankhula zokwana. Pakamwa pa munthuyu sipanalumale."

Analowa kuchipinda, natulutsa chikuku chamatope chija, nachiimika pakati pa bwalo.

"Uwauze! Maliro a mayi ako aang'ono unapita? Mwana wako polandira mphatso kusukulu unakamuona? Makina aja pansi pa chitenje akusokera ndani, mphemvu?"

Amayi anayamba kulira, kenako anayamba kuyankhula, ndipo atayamba sanasiye. Ananena za khonde lawo la pa Nathenje, limene mwini sitolo akuwasungirabe, koma wanena kuti akapanda kubwerera chaka chino alipereka kwa telala wina. Ananena kuti kuberekedwa ndi mlongo wako uli mayi wa ana atatu n'chikondi, inde, koma munthu sangapite kuntchito tsiku ndi tsiku ali pamsana pa mnzake. Mayi uja anatsegulanso fayilo, n'kulemba masamba awiri. Mkaka wa a Elube tsiku limenelo unasasa wonse padzuwa, ndipo a kopaletivu anawakalipira koopsa. A Elube anangoti, "Chambiko nachonso anthu amamwa."

Ndiye Lachiwiri lapitali galimoto yafika! Anzanga, mukanaona! Chitseko chakumbuyo chikatseguka pamatsika kachitsulo ngati mlatho, amayi n'kukwera ndi chikuku chawo osanyamulidwa ndi munthu aliyense. Anakwera, natsika, nakweranso, katatu konse, akuseka ngati kamtsikana. Azimayi nthungululu, ana kudziyang'anira pagalasi, agalu liwiro la kuthengo!

Phokoso litatsika, bambo wa bungwe anatulutsa pepala lomaliza.

"Mayi, apa pali mzere umodzi. Mulembepo dzina la dalaivala mmodzi, wa laisensi. Ameneyo yekha ndiye wololedwa kugwira chiwongolero. Akayendetsa wina, inshuwalansi siigwira ntchito, ndipo galimoto tidzailanda. Pepalali ndidzalitenga Lachisanu. Mzerewu ndikadzaupeza wopanda dzina, pali ena akudikira."

Anasiya kiyi m'manja mwa amayi, n'kumapita. Fumbi la alendo lisanathe, mlandu unabuka.

"Apa palibe zokambirana," anatero amalume. "Nkhani ndinaitola ndine, pa dambo ndinawolotsa ndine, mwini mbumba ndine. Zaka khumi ndi zisanu ndili pamsewu!"

"Eya, ndi mbuzi zisanu ndi ziwiri zogundidwa," anayankha a Elube. "Mukamuyendetse mnzanga ngati mukulimbirana pasenjala pa siteji ya Kamphata? Ndiponso inu masiku anayi pa sabata mumagona ku Lilongwe."

Abambo anatsokomola pang'ono. "Alamu, galimotoyi igona m'chigafa changa, izidutsa pamunda panga. Amake Sungeni akafuna kuchipatala, amene ali pafupi ndine. Laisensi ndili nayo."

Amalume anaseka. "Ija munatengera ku esiteti? Alamu, inu munazolowera thirakitala! Pa Nathenje muzikafika makasitomala atabwerera kwawo. Komanso mkamwini ndi mlendo. Mawa mukakangana m'nyumbamu, galimoto ipite ku Dowa?"

"Mlendo wa zaka makumi awiri, alamu?" anafunsa abambo motsitsa mawu, ndipo amalume anayang'ana kumbali.

A Elube anagwira m'chiuno. "Ine mkaka ndimamaliza dzuwa lisanakwere, tsiku lonse ndili ndi mpata. Ndipo pakanapanda ine, bwenzi pano msewu wanuwo mukuyanikapo mphale, kalata yanuyo mutakolezera moto."

"Koma si m'bale!" anatero amalume ndi abambo pamodzi. Chibadwire changa, aka kanali koyamba kuwamva awiriwa akugwirizana.

Amayi anawayang'ana mmodzimmodzi, kiyi ali m'manja. "Popanda achimwene sindikanadziwa n'komwe. Popanda bambo a Sungeni siikanafika pakhomo. Popanda Elube inali itapita kale kwa ena. Ndikalemba mmodzi, awiri enawo ndiziwayang'ana ndi maso ati?" Anamanga kiyiyo pa mfundo ya chitenje chawo, ndipo mpaka pano ali pomwepo.

Lero ndi Lachinayi. Makina avundukulidwa, athiridwa mafuta, akulira ngati sanagonepo. Amayi akuti Lolemba akubwerera pakhonde lawo, ndipo alonjeza kuti podutsa adzaima pageti la sukulu yathu, adzalize hutala, kuti nonse mudzawaone. Koma galimoto siyenda yokha. Amalume ayamba kale kupukuta magalasi, abambo akuthira miyala pamene panakumbika, a Elube abwera kawiri kudzayeza mpando. Pepala lili pa tebulo, cholembera chili pambali pake, mzere udakali woyera, ndipo bambo wa bungwe abwera mawa.

Tsono anzanga, cholembera chija chikanakhala m'manja mwanu, mukanalemba ndani: mlongo amene anawabereka kuwoloka dambo, mwamuna amene anazula fodya wake kuti msewu udutse, kapena chinjira amene anatseka msewuwo kuti amayi anene zoona?