Nguluwe ndi kamaikolofoni ka pakhosi

Kalekale, ana inu, ndi inu akuluakulu mukunamizira kusinzako, nyama za ku dambo la Chimbwadzi zinali ndi gulu la zisudzo. Silinali gulu wamba ayi. Likafika pabwalo, ngakhale wodwala ankati ndinyamuleni.

Vuto linali mawu. Gululi linali ndi chimkuzamawu chadzimbiri, mabatire ake ochita kuyanika padzuwa. Munthu akalankhuliramo chinkangoti khoo, khoo. Akutsogolo akuseka, akumbuyo akufunsana kuti wati chiyani. Wolimbana nacho anali Nkhululu, kanthu kochepa koma kodziwa mawaya kuposa wina aliyense m'dambomo.

Panalinso vuto lina. Oonera ankafupa ndi chinangwa, mtedza ndi nzimbe. Zonsezo zinkaikidwa m'dengu kuseri kwa mpanda wa udzu, kosinthira zovala, kuti gulu ligawane pomaliza. Koma sewero likatha, m'dengu munkapezeka makoko okhaokha.

Nguluwe, chimphona chimene chinkasewera ngati mpondamatiki, analoza Nkhululu. Anati una wa Nkhululu uli pafupi ndi mpanda, ndiye amakokera zonse pansi. Taganizani, kamimba konga njere ya mtedza kumaliza dengu! Koma Gwape, wapampando, ankaopa mano a Nguluwe. Anagamula pamaso pa onse kuti zofupa zikasowanso, Nkhululu achoke m'gulu. Zinamupweteka Nkhululu, pakuti gululo analiyamba nawo lisanakhale ndi dzina. 

Chaka chimenecho gulu lonse linagwira ganyu n'kugula zida zatsopano: masipika awiri opepuka osenza pamutu, batire yotchaja ndi sola, ndi kamaikolofoni kopanda waya komangirira pakhosi. Kanali kamodzi kokha. Nkhululu anati azipatsirana, amene akulankhula ndiye avale. Nguluwe anakana. Anati khosi loyenera kanthu kotere ndi lake, ndipo anakatsomphola.

Loweruka masana, bwalo litadzaza, Nkhululu anakwera pakhosi pa Nguluwe n'kukamanga bwinobwino. Kenaka analankhula mwaulemu, mokweza pang'ono kuti wapampando amve.

"A Nguluwe, mukamapita kuseri ndizikazimitsa, kuti moto wa batire utsalireko anzanu."

"Utsalire ndani?" anatero Nguluwe. "Iwe, ukangokhudza kabatani kakoko ndikuponda. Kayake mpaka sewero lithe."

"Apampando, mwamva?"

Gwape anavomera kuti wamva.

Sewero linayamba, ndipo ana inu, mawu ake! Ngwee, ngati munthu akukunong'oneza m'khutu. Kamba, amene anachedwa n'kukhala pachulu chakutali, anamva zonse mpaka kupuma kwa wolankhula. Palibe anafunsa mnzake kuti wati chiyani. Ine ndikanakhala Nkhululu tsiku limenelo ndikanayenda chotukumula chifuwa.

Nguluwe anamaliza gawo lake n'kulowa kuseri kwa mpanda. Pabwalo panatsala Gwape, akusewera ngati namfedwa, chitenje kumutu, akulira mokhudza mtima. Bwalo lonse zii.

Ndiye masipika aja: kukutu, kukutu, kukutu.

Gwape analeka kulira. Nyama zinayang'anana. Kukutu, kukutu. Kenaka nzimbe, thyo! Kenaka mawu a munthu wodzaza m'kamwa:

"Koma chinangwa cha lero chafumbutuka. Idya, Nguluwe, idya. Kankhululu kasenza mlandu."

Gwape anakodola Nkhululu ndi manja onse kuti azimitse. Nkhululu anapinda miyendo yake yaminga ija n'kukhala patali ndi kabatani kozimitsira ka pamasipika.

"Anandiletsa, apampando. Ine ndimamvera akuluakulu."

Kukutu, kukutu, mpaka dengu linamveka likugubuduka. Pomaliza Nguluwe anageya, geee, masipika onse awiri n'kunjenjemera. Bwalo linaphulika ndi phwete. Ena anagwa pansi, ena anagwira nthiti, Kamba pachulu paja anagudubuka chagada.

Nguluwe, kumva phokosolo, anayesa akumuitana kuti abwerenso. Anatuluka monyada, zotafuna za nzimbe zili lende pamphuno. Bwalo lonse linamulandira ndi mawu amodzi: "Idya, Nguluwe, idya!" Apo m'pamene anagwira pakhosi pake n'kuzindikira. Anadula chingwe, kamaikolofoni pansi, iye liwiro kulowa m'tchire.

Nkhululu anakatola, anakapukuta fumbi ndi malovu. Gwape anamuyandikira n'kunong'ona kuti pepani, tinalakwa. Nkhululu anapukusa mutu, n'kumupatsa kamaikolofoni kaja.

"Munandiweruza pagulu, apampando. Zida tagula kuti akumbuyo azimva. Pepani wanuyo afikenso kuchulu."

Gwape anapepesa, masipika anakuza, ndipo Kamba anakuwa ali chagada kuti wamva bwinobwino.

N'chifukwa chake mpaka lero Nguluwe amadya mobisala, akutchera khutu ngati pali womumva. Nkhululu ndiye amaimba pakhomo pa una wake mopanda mantha, pakuti dambo lonse likudziwa amene anadya za m'dengu.

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ofuna kumveka kuposa anzanu, dziwani kuti chokuza mawu chimakuzanso kutafuna. Yanga nthano ndazimitsira pomwepa, ndipo iwe ukukukuta mbatata kumbuyoko, takumva.